Njira zoyezera zakudya zimene ana amakonda

Njira zoyezera zakudya zimene ana amakonda ndi ndondomeko zimene ochita kafukufuku amatsata pofuna kudziwa chakudya kapena chakumwa chimene mwana amachikonda, kukula kwa chikondicho, ndiponso chimene chimachititsa. Makampani opanga zakudya amazigwiritsa ntchito asanatulutse chinthu chatsopano pa msika, ndipo a zaumoyo, a sukulu ndi mabungwe ogawa chakudya amazigwiritsa ntchito pofuna kudziwa ngati ana adzadyadi chimene akonzeredwa. Ntchitoyi ndi nthambi ya sayansi yoyeza zakudya ndi lilime, mphuno ndi maso a munthu, koma ili ndi malamulo akeake chifukwa mwana sayankha funso ngati munthu wamkulu. Khanda sililankhula. Mwana wa zaka 3 amakonda kuvomera chimene wafunsidwa, pamene wa zaka 10 amatha kuyankha zongosangalatsa wofunsayo kapena anzake.

## Mbiri

Kafukufuku woyambirira wodziwika bwino ndi wa dokotala wa ana wa ku America, Clara Davis, amene anayamba ntchitoyi m'zaka za m'ma 1920 ndipo anafotokoza zotsatira zake zonse mu 1939. Iye anayang'anira ana 15 ongoleka kumene kuyamwa. Pa nthawi ya chakudya ankawaikira timbale ta zakudya zosiyanasiyana, ndipo anamwino ankaloledwa kudyetsa mwana chokhacho chimene iye mwini waloza kapena wagwira. Chilichonse chinkayezedwa pa sikelo. Anawo anakula bwino, ndipo anthu ambiri anamva nkhaniyi molakwika, n'kumati mwana akasiyidwa yekha amasankha zopatsa thanzi. Zoona zake n'zakuti pa timbalepo panalibe maswiti, shuga woyengedwa kapena zokazinga za m'sitolo, choncho anawo analibe mpata wosankha molakwika.

Kumbali ya akuluakulu, muyezo wotchuka kwambiri unachokera kwa asilikali a dziko la America. David Peryam ndi anzake, amene ankagwira ntchito ku Quartermaster Food and Container Institute mumzinda wa Chicago, anakonza sikelo ya masitepe 9 yoyambira pa kudana nacho kotheratu chakudya, kudutsa pakati pamene munthu sakuchikonda komanso sakudana nacho, mpaka pa kuchikonda kotheratu. Peryam ndi Francis Pilgrim anailongosola mu 1957, ndipo makampani a zakudya anaitenga msanga. Njira zambiri za ana zimene zinabwera pambuyo pake ndi zoyesa kufewetsa sikelo imeneyi, kapena kupeza chinthu china cholowa m'malo mwake pamene mwana sangathe kuwerenga.

## Makanda ndi ana osalankhula

Kwa khanda wofufuza amadalira zinthu ziwiri: nkhope ndi kuchuluka kwa chimene ladya. M'zaka za m'ma 1970 Jacob Steiner wa ku Hebrew University ku Jerusalem anadonthezera madzi a kakomedwe kosiyanasiyana pa lilime la makanda ongobadwa kumene ndi kujambula nkhope zawo. Madzi otsekemera ankafewetsa nkhope ndipo khanda linkanyambita milomo. Owawasa ankachititsa kuti lifinye milomo, ndipo owawa ankachititsa kuti liyasamule pakamwa ngati likufuna kulavula. Mu 1988 Diana Rosenstein ndi Harriet Oster anabwereza ntchitoyi pa makanda a maola awiri okha, pogwiritsa ntchito ndondomeko yowerengera kayendedwe ka minofu ya nkhope yochokera pa imene Paul Ekman ndi Wallace Friesen anakonza mu 1978. Masiku ano khanda limajambulidwa pa vidiyo, ndipo amene amaonera vidiyoyo sauzidwa chimene khandalo linapatsidwa. Amawerenga kangati lakwinya mphuno, latsinzina, latembenuza mutu kapena lakankha supuni.

Muyezo wa kuchuluka kwa chakudya umaoneka wophweka, koma uli ndi zofunika kusamala. Mbale imayezedwa chakudya chisanayambe ndi pomaliza, ndipo chimene chatayikira pa nsalu kapena pansi chimachotsedwa pa chiwerengerocho. Mayi amauzidwa kudyetsa mwakachetechete ndi kusiya mwana akakana supuni kangapo motsatizana, kawirikawiri katatu. M'kafukufuku wina mayi amavala chophimba kumaso kuti nkhope yake isauze mwana kanthu.

Miyezo iwiriyi siigwirizana nthawi zonse, ndipo pamenepa m'pamene pagona phindu loigwiritsa ntchito pamodzi. Mu 2001 Julie Mennella ndi anzake a ku Monell Chemical Senses Center ku Philadelphia anapempha amayi ena kumwa madzi a karoti ali oyembekezera, ena akuyamwitsa, ndipo ena anangomwa madzi wamba. Ana awo atapatsidwa phala la karoti ali ndi miyezi pafupifupi 6, amene analizolowera fungolo kudzera mwa mayi sanakwinye nkhope kwambiri, koma kusiyana kwa kuchuluka kwa phala limene anadya kunali kochepa. Kafukufuku wina wa ku Monell komweko, wa mu 2007, anaonetsa mbali inayo: makanda amene anapatsidwa zitheba kwa masiku 8 anayamba kudya zambiri, ena mwa iwo nkhope ili chikwinyire. Mayi woyang'ana nkhope yokha akanaleka kupereka ndiwozo pamene mwana wayamba kuzilandira.

## Kusankha pakati pa ziwiri ndi kusanja

Njira imene mwana wamng'ono amaimva msanga ndi yomupatsa zinthu ziwiri kuti alawe, kenako aloze chimene wakonda. Ana a zaka 2 kapena 3 ambiri amatha kuchita zimenezi. Funso lofuna yankho la "inde" kapena "ayi" limapewedwa, chifukwa mwana wofunsidwa kuti "n'chokoma?" amavomera, ndipo akafunsidwa kuti "n'choipa?" amathanso kuvomera. Vuto lina ndi la malo: ana ena amangoloza cha kudzanja lamanja, ena choyamba, ena chomaliza kulawa popeza ndicho akuchikumbukira. N'chifukwa chake malo ndi ndondomeko ya zolawazo zimasinthidwasinthidwa kwa mwana aliyense.

Ku Monell anakonza mtundu wapadera wa njirayi wopezera mlingo wa shuga umene mwana amaukonda koposa. Pamakhala makapu 5 a madzi a shuga, a magalamu 3, 6, 12, 24 ndi 36 pa mamililita 100 alionse. Mwana amayamba ndi awiri a pakati, kulawa iliyonse kwa masekondi 5, kulavula, kuchukucha mkamwa ndi madzi, n'kuloza imene wakonda. Imene wasankhayo imayerekezedwa ndi yoyandikana nayo, ndipo zimapitirira choncho mpaka mwanayo atasankha kapu imodzimodzi poyerekeza ndi yotsekemera kuiposa komanso yochepera. Kenako zonse zimabwerezedwa, makapu ataikidwa mosemphanitsa, ndipo zotsatira za maulendo awiriwo zimaphatikizidwa. Njirayi ndi ya ana a zaka 5 kupita m'tsogolo. Yatsimikiza zimene J. A. Desor ndi anzake anapeza mu 1975, zakuti ana amakonda shuga wambiri kuposa akuluakulu, ndipo mlingo umene ana ambiri amasankha umaposa wa zakumwa zoziziritsa kukhosi za m'botolo.

Kuipa kwa kuyerekeza ziwiriziwiri ndi kutalika kwake. Zakudya 5 zimafuna maulendo 10 kuti chilichonse chikumane ndi chinzake, ndipo zakudya 8 zimafuna maulendo 28. Mwana amakhuta kapena kutopa ntchito isanathe.

Leann Birch, amene panthawiyo anali ku University of Illinois, anapeza njira yachidule mu 1979. Patsogolo pa mwana pamaikidwa zithunzi zitatu za nkhope: yomwetulira, yopanda chisonyezo, ndi yokwinya. Mwana amalawa chakudya chilichonse n'kuchiika pafupi ndi nkhope yoyenera. Akatha, wofufuza amatenga gulu limodzi n'kufunsa mwana kuti aloze chokoma koposa. Chimenecho chimachotsedwa, funso n'kubwerezedwa pa zotsala, mpaka zonse zitasanjidwa. Birch anaonetsa kuti masanjidwe a ana a zaka 3 ndi 4 ankagwirizana kwambiri ndi zimene anawo ankadyadi akapatsidwa ufulu wosankha. Anapezanso kuti zinthu ziwiri ndizo zinkalamulira masanjidwewo, kutsekemera ndi kuzolowera chakudyacho, ndipo kwa ana ocheperapo kuzolowera ndiko kunali patsogolo.

Ofufuza ena amasandutsa ntchitoyi masewera. Mu 1988 Hilary Schmidt ndi Gary Beauchamp, poyeza fungo limene ana a zaka 3 amakonda, anagwiritsa ntchito zidole ziwiri za m'pulogalamu ya pa TV ya Sesame Street. Chimene mwana wakonda ankachipereka kwa Big Bird, ndipo chimene sanakonde ankachipereka kwa Oscar the Grouch, amene amakhala m'bini, kuti akachitaye. Njira yomweyi inathandiza Djin Gie Liem ndi Mennella kupeza, mu 2003, kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu alionse a zaka 5 mpaka 9 amene anawayesa ankakonda zowawasa kwambiri. Masewera otere amagwira ntchito pokhapokha ana akuzidziwa kale zidolezo.

## Masikelo a nkhope ndi a mawu

Kusanja kumangonena chimene chili patsogolo pa chinzake. Sikunena ngati mwana akuzikonda zonse kapena akudana nazo zonse, pamene kampani imafuna kudziwa zimenezo. Apa m'pamene pamalowa masikelo. Wofala kwambiri ndi mzere wa tinkhope toyambira pa yokwinya mpaka yosekerera, ndipo mwana amaloza kamodzi. Mu 1996 ofufuza a ku University of Georgia anaonetsa kuti chiwerengero cha nkhope chiyenera kutsata msinkhu: nkhope 3 kwa ana a zaka 3, nkhope 5 kwa a zaka 4, ndi nkhope 7 kwa a zaka 5.

Tinkhopeti timasangalatsa akuluakulu kuposa mmene timathandizira ana. Mwana wina amaloza nkhope yosekerera chifukwa ndiyo yokongola. Wina amaloza imene ikufanana ndi mmene iye akumvera tsikulo, ndipo wina amaona yokwinyayo ngati munthu wokwiya, n'kuipewa. Mu 1990 Beverley Kroll wa kampani ya kafukufuku ya Peryam & Kroll anayerekeza masikelo angapo pa ana a zaka 5 mpaka 10. Sikelo ya nkhope siinapambane. Imene inasiyanitsa bwino zakudya inali ya mawu a ana eniake a ku America, yoyambira pa "super bad" mpaka pa "super good", ndipo ya masitepe 9 siinawavute monga mmene ambiri ankaganizira. Kwa ana osadziwa kuwerenga, wofunsa amaligawa funso pawiri: amayamba wafunsa ngati chakudyacho n'chabwino kapena choipa, kenako n'kufunsa kukula kwa ubwino kapena kuipako.

Ana aang'ono amathamangira kumapeto kwa sikelo, n'kusiya masitepe a pakati. Amavutikanso kulekanitsa mbali za chakudya. Katswiri wa kakulidwe ka maganizo a ana, Jean Piaget, anafotokoza kuti mwana wa zaka pakati pa 2 ndi 7 amaika maganizo pa mbali imodzi ya chinthu panthawi imodzi. Choncho yogati ya mtundu umene mwana amaukonda imatha kupambana pa funso la kakomedwe, la fungo ndi la kulimba komwe. Mafunso onena za mbali imodziimodzi, monga ngati shuga wachepa, wakwana kapena wachuluka, amasungidwira ana okulirapo, a zaka za m'ma 8 kupita m'tsogolo. Kafukufuku wa ku France wa mu 1999, woyerekeza njira zitatu zosafuna mawu pa mabisiketi a jamu wosiyanasiyana, anapeza kuti mayankho a ana a zaka 4 ndi 5 ankasinthasintha akafunsidwanso, pamene a ana okulirapo ankakhazikika.

M'zaka zaposachedwapa mafunso ambiri amayankhidwa pa tabuleti. Ana amapatsidwa mndandanda wa mawu kapena ma emoji kuti achonge onse amene akugwirizana ndi chakudya chimene alawa.

## Kufunsa makolo ndi kuona zotsala m'mbale

Kufunsa kholo n'kotchipa ndipo kumafikira mabanja ambiri. Mu 1994 Patricia Pliner wa ku University of Toronto anakonza mafunso oyezera mantha a mwana pa zakudya zachilendo, ndipo mu 2001 Jane Wardle ndi anzake a ku University College London anatulutsa Children's Eating Behaviour Questionnaire, ya mafunso 35, yokhudza zinthu monga kusankha zakudya, kudya pang'onopang'ono ndi kukhuta msanga. Kholo limadziwa bwino zimene zimaphikidwa pakhomo, koma silidziwa zimene mwana amadya kusukulu, ndipo chakudya chimene kholo lenilenilo silichikonda nthawi zambiri sichifika n'komwe pa mbale ya mwana.

M'masukulu ofufuza amayang'ana makombo. Amayeza zotsala pa sikelo, kapena kuyerekeza ndi maso kuti mwana wadya theka, gawo limodzi mwa magawo anayi, kapena zonse, kapenanso kujambula mbale isanadyedwe ndi itadyedwa. Ku Dijon m'dziko la France, zakudya zimene ana a zaka 2 ndi 3 ankadzisankhira okha pa sukulu ina ya mkaka zinalembedwa kwa zaka zambiri. Sophie Nicklaus ndi anzake atawatsatira anawo, ena atafika zaka 22, anapeza kuti zokonda za paubwana zinkaonekabe. Komabe mbale yoyera si umboni wa chikondi. Mwana wanjala amamaliza chimene sachikonda, ndipo wokhuta amasiya chimene amachikonda.

## Zimene zimasokoneza zotsatira

Kulawa kamodzi kumayeza tsiku limodzi lokha. Birch ndi Diane Marlin anaonetsa mu 1982 kuti ana a zaka 2 ankakonda kwambiri chakudya chachilendo akachilawa kambirimbiri, ndipo kafukufuku wotsatira anapeza kuti pamafunika maulendo 8 mpaka 15 kuti kusinthaku kuoneke. Chakudya chatsopano chimene chagonja pa tsiku loyamba chikhoza kudzakondedwa, pamene chotsekemera kwambiri chimene chapambana pa supuni imodzi chikhoza kukola mwana akamadya mbale yonse tsiku ndi tsiku. Makampani ena amapereka katundu woti akayesedwe kunyumba kwa sabata imodzi kapena ziwiri pofuna kuthana ndi vutoli.

Anzake a mwana nawonso amasintha yankho. Mu 1980 Birch anakhazika mwana wokonda ndiwo ina pa tebulo limodzi ndi anzake okonda ndiwo yosiyana, ndipo m'masiku 4 ana ambiri anayamba kusankha ya anzawowo. Poyesa m'kalasi, ana amakhazikidwa motalikirana kapena kutchingidwa ndi makatoni.

Chikuto cha chakudya chili ndi mphamvu yoposa imene ambiri amaganiza. Mu 2007 Thomas Robinson ndi anzake a ku Stanford University anapatsa ana 63 a zaka 3 mpaka 5 zakudya zofanana ndendende, china chokulungidwa m'pepala la McDonald's, china m'pepala lopanda dzina. Ana ambiri anati cha m'pepala la McDonald's ndicho chokoma, ngakhale pamene chinali mkaka kapena karoti. Mu 2010 ofufuza a ku Yale University anapeza zofanana ndi zimenezi ataika zithunzi za Shrek, Dora ndi Scooby-Doo pa mapaketi. Choncho wofuna kuyeza kakomedwe kokha amabisa dzina ndi paketi, ndipo wofuna kudziwa chimene mwana adzalirire m'sitolo amazionetsa dala.

## Chilolezo ndi mkangano wa cholinga

Mwana sayesedwa popanda chilolezo cha kholo kapena womulera, ndipo mwanayo amafunsidwanso payekha ndi kuuzidwa kuti akhoza kusiya nthawi iliyonse. Makolo amafunsidwa za zakudya zimene thupi la mwana siligwirizana nazo, makamaka mtedza, mkaka, mazira ndi tirigu. Bungwe la ASTM International lili ndi malangizo a ntchitoyi otchedwa E2299, ndipo bungwe la ochita kafukufuku wa malonda la ESOMAR lili ndi ake okhudza ana.

Mkangano waukulu ndi wa ntchito imene zotsatira zimagwira. Njira imene imathandiza dokotala kubisa kuwawa kwa mankhwala a ana ndi yomweyo imene imauza kampani mlingo wa shuga umene mwana sangaukane. Mtolankhani Michael Moss anafotokoza mbali imeneyi m'buku lake la mu 2013 lotchedwa Salt Sugar Fat. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa malangizo ochepetsa kutsatsa zakudya za shuga, mchere ndi mafuta ambiri kwa ana mu 2010, ndipo dziko la Chile kuyambira mu 2016 linaletsa zithunzi za makatuni pa mapaketi a zakudya zotere.

## Ku Malawi ndi maiko oyandikana nawo

Kuno njirazi zagwiritsidwa ntchito kwambiri pa zakudya zolimbana ndi kunyentchera. Chakudya chowonjezera, kaya chikhale ndi michere yochuluka bwanji, sichithandiza ngati mwana akuchilavula. Mu 2011 John Phuka ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa m'boma la Mangochi woyesa mitundu ya chiponde chowonjezera michere. Chiponde chinkasakanizidwa ndi phala, ofufuza n'kuyeza gawo limene mwana wadya, amayi n'kupereka maganizo awo pa sikelo, kenako mabanja n'kuchiyesa kunyumba. Kafukufuku wofanana naye anachitika ku Ghana ndi ku Burkina Faso pansi pa ntchito ya iLiNS. Mitundu ya mbatata yofiira mkati, imene ili ndi vitamini A wambiri, nayonso yayesedwa m'Malawi pa akuluakulu ndi ana omwe. Kafukufuku wa zaumoyo wokhudza anthu amayenera kuvomerezedwa kaye ndi komiti monga National Health Sciences Research Committee kapena COMREC.

Muyezo umene a chipatala amachita popatsa mwana wonyentchera chiponde kuti aone ngati angadye ndi wosiyana ndi njirazi. Umayeza chilakolako cha chakudya, pofuna kudziwa ngati mwana agonekedwe kapena alandire chithandizo ali kunyumba.

Kumasulira masikelo kuli ndi zovuta zake. M'Chichewa mawu akuti "kuwawa" amanenedwa pa mankhwala, pa tsabola, pa ndiwo yochuluka mchere ndiponso pa ululu, choncho mwana akati chakudya chikuwawa wofunsa amafunika kufufuza kuti akunena kuwawa kuti. Ulemu nawonso umalowapo. Mwana wophunzitsidwa kulandira ndi manja awiri chimene wamkulu wamupatsa savutika kunena kuti chakoma, ndipo mayi amene walandira chakudya chaulere angaope kuti akachinyoza sadzalandiranso. Pa zifukwa zimenezi ofufuza ambiri sadalira mayankho a pakamwa okha. Amayeza magalamu amene mwana wadya, kuwerenga mphindi zimene watenga, ndi kufunsa pakhomo ngati paketi inathera mwa mwana amene anailembetsa kapena anagawana ndi abale ake.